History, zachilengedwe kapena Public Administration: ndilembe chiyani pa fomu ya NCHE?

Mtsikana wa ku Chisitu:

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndine mtsikana wa ku Chisitu kuno ku Mulanje. MSCE ndinalembera pa CDSS ya kwathu konkuno ndipo ndapeza mapointi 17. History, Geography ndi Chichewa ndili ndi 2, Chingerezi 3, Biology ndi Agriculture 4. Masamu ndinapeza 6, koma Chemistry inandivuta, ndili ndi 7. Nthawi yodzaza fomu ya NCHE, yofunsira malo m'mayunivesite a boma, yayandikira ndipo mutu waima.

History ndimaikonda kuchokera kale. Anganga anga akakhala pakhonde n'kumasenda chinangwa amatiuza za makolo awo amene anawoloka Ruo kuchokera ku Mozambique n'kufikira pa malo a mzungu, kumene munthu ankagwira thangata, mwezi wina wolipira malo, mwezi wina wa msonkho. Nditakumana ndi nkhani yomweyo kusukulu ndinadabwa kuti zimene amanena anganga anthu amalemba nazo mayeso.

Za chilengedwe zinandilowa mumtima chifukwa cha Freddy. Dimba lathu la m'mbali mwa mtsinje, mmene munali nthochi ndi nzimbe, kuyambira March 2023 ndi mchenga ndi miyala yokhayokha. Ndimafuna nditamvetsa chimene chinachitika kuti phiri ligumuke chotero, komanso ngati pali chimene munthu angachite. Nthawi yomweyo tili pa msasa, ndinkaona anthu akubwera ndi makope kudzalemba maina, kenako ufa ukafika ena alandira ena ayi, popanda wotifotokozera kuti zayenda bwanji. Nditafunsa aphunzitsi anga kuti anthu okonza ndondomeko zoterezi amaphunzira chiyani, anati Public Administration ku Zomba.

Kunyumba zinthu zili chonchi: bambo amathyola tiyi pa esiteti ina, mayi amagulitsa nanazi ndi mapeyala pa Chitakale. Amene adzathandize fizi ndi amalume, ndipo iwo akuti mbiri yakale sadyera nsima, ndilembe unamwino kapena uphunzitsi basi. Sindikufuna kuwanyoza chifukwa ndi amene andiphunzitsa kuyambira Fomu 1.

Ndiye mafunso anga ndi awa. Kodi ndi 7 ya Chemistry, khomo la zachilengedwe latsekeka? Amene anatenga History amagwira ntchito yanji kupatula kuphunzitsa? Nanga Public Administration ingamuthandize mwana wa wothyola tiyi amene sadziwa munthu aliyense ku Capital Hill?

Mphunzitsi wa ku Luchenza:

Mwanangu, choyamba wachita bwino. Mapointi 17 pa CDSS, pamene buku limodzi mumachita kulimbirana, si zamasewera.

Ine ndimaphunzitsa History ku sekondale ndipo ndinaphunzira ku Chanco, kale kwambiri isanafike 2021 pamene Poly ndi makoleji a zaumoyo anapatukana ndi UNIMA. Funso lako lachiwiri ndiliyankha mosabisa mawu: ambiri a ife amene tinatenga History tili m'kalasi ndi choko. Alipo ena ku National Archives ku Zomba, ena ku Museum ku Chichiri, ena ndi atolankhani, ena amachita kafukufuku m'mabungwe. Koma malo amenewo ndi ochepa ndipo salengezedwa chaka ndi chaka. Ngati kuima pamaso pa ana sukufuna n'komwe, uganize kawiri. Ngati ungathe, ndiye iwe ndi amalume ako simukutsutsana ayi. Iwo akuti uphunzitsi, iwe ukuti History. Bachelor of Education ya maphunziro a Social Studies, yokhala ndi History ndi Geography, ikukwaniritsa zonse ziwiri, ndipo ndi maphunziro amene wakhozamo bwino kwambiri.

Udziwenso kuti History ya ku yunivesite si yoloweza zaka ija. Kumeneko amakufunsa kuti chikalata ichi analemba ndani, ankalembera ndani, ndipo ndani amene sanapatsidwe mpata wolankhula. Tili chaka chachitatu anatitumiza ku Archives. Umalemba nambala ya faelo pa kapepala, n'kukhala pansi kudikira. Amakubweretsera mpukutu wa mapepala ofiirira ndi ukalamba, omangidwa ndi kachingwe, ena oti ukawatembenuza mwaphuma amathetheka m'mphepete. Ine ndinapempha malipoti a ma DC achizungu a maboma athu awiriwa, Thyolo ndi Mulanje. Mmenemo makolo athu amapezeka ngati chiwerengero cha nyumba zokhoma msonkho ndi cha anthu opita kukagwira ntchito ku esiteti. Chimene ankaganiza, chimene ankaimba pobwerera madzulo, chifukwa chimene anathawira kwawo, mulibe. Zimenezo zili ndi anganga ako pakhonde paja.

Ndipo ukaiona bwino nkhani ya malo kuno kwathu, upeza kuti zinthu zitatu zimene ukuzilekanitsazo zinalukana kalekale. Tiyi anayamba kudzalidwa ku Mulanje mu 1891 ndi Henry Brown. Zaka zomwezo Harry Johnston anapereka ma Certificate of Claim kwa azungu amene ankati anagula malo kwa mafumu, ndipo nthaka yabwino ya madera okwera a Shire Highlands inapita choncho. Alhomwe amene ankathawa nkhanza za Apwitikizi anafikira pa malo omwewo n'kulowa m'thangata. Kuukira kwa John Chilembwe mu January 1915 kunagwera pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero chifukwa cha nkhanza zomwezo. Mu 1946 boma la atsamunda linaitana Sir Sidney Abrahams kudzafufuza za malo, koma mu 1953 ku Thyolo kunabukabe zipolowe. Thangata linatha chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, koma malire a maesiteti ambiri sanasunthe. Tsono ukaona munthu akulima pa mtsetse woti ngakhale mbuzi imayenda mosamala, kapena wamanga nyumba m'khwawa mmene mumadutsa napolo, usafulumire kunena kuti ndi umbuli. Kawirikawiri kulibe kwina koti apite, ndipo chifukwa chake chili m'zaka ndatchulazi. Wa zachilengedwe amene sadziwa zimenezi amangokalipira anthu.

Chinthu chimodzi usadikire nacho yunivesite. Tenga foni, ukhale ndi anganga, uwajambule mawu. Uwafunse maina a midzi, maina a akapitawo, nyimbo za kuntchito, chaka cha njala cha 1949 anachimva bwanji kwa makolo awo. Kaya udzatenga digiri yanji, zimenezo sudzazipeza mu laibulale iliyonse.

Wankhalango wa ku Likhubula:

Chemwali, aphunzitsi anena zoona, koma ine ndikokera kwanga pang'ono chifukwa phirili likusowa ana a konkuno.

Za Chemistry ndisakunamizeni. Environmental Science ya ku LUANAR ndi mapulogalamu ambiri a ku MUST ndi sayansi yeniyeni, chaka choyamba mumakumana ndi Masamu ndi Chemistry maso ndi maso. Chilengezo cha NCHE chimalemba pulogalamu iliyonse ndi maphunziro amene ikufuna kuti mukhale ndi credit. Chiwerengeni mzere ndi mzere, ndipo pamene alemba Chemistry musatayepo chisankho chanu, chifukwa 7 ndi pass, si credit. Koma zachilengedwe si pulogalamu imodzi. Ku MUST, pa Ndata pompa kufupi ndi Goliati, kuli Disaster Risk Management, kuli Meteorology and Climate Science, kulinso ya mapu ndi zithunzi za setilaiti. Ku Mzuni kuli Forestry, Water Resources ndi za kayendetsedwe ka malo. Ku LUANAR kuli Natural Resources Management. Zofuna zawo sizifanana, ndiye muone imene Geography, Biology ndi Masamu anu akukwanira. Pa zimene mwafotokoza za dimba ndi za pa msasa, ine ndikuona Disaster Risk Management ikukuyenerani kuposa zonse, ngati zofuna zake mukuzikwanitsa. Ena amabwereza Fomu 4 kuti akonze sayansi, koma ndi mapointi 17 ine sindingakulangizeni kutaya chaka.

Ine ndinadzera njira yaitali. Ndinayambira ku koleji ya zankhalango ku Dedza, ndinagwira ntchito, digiri ndinadzaitenga pambuyo ku Mzuni. Njira imeneyonso ilipo.

Ntchito yake muidziwiretu. Mkungudza wa ku Mulanje ndi mtengo wa fuko lathu kuyambira 1984, ndipo mwachilengedwe umamera m'phiri lino lokha. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha imene inatsala, ina yonse inapita ndi macheka. Ndiye panopa ndi kudzala basi. Mbewu imafesedwa ku nazale za m'midzi, amayi amathira dothi m'machubu ndi kuthirira miyezi yambiri, kenako mvula ikayamba mbande zimasenzedwa pamutu kukwera nazo ku Chambe kapena ku Lichenya. Mukafika pamwamba miyendo ikunjenjemera, mudzale, mubwerere. Chilimwe chikafika mulambule njira zotchinga moto, chifukwa wosaka mbewa mmodzi akayatsa udzu mu October, ntchito ya zaka zitatu imapsa tsiku limodzi. Paini amene anadzalidwa kale ku Chambe nayenso amafalikira yekha n'kumalanda malo a mitengo yachilengedwe.

Koma chovuta kwambiri si mitengo. Ndi kukumana m'bandakucha ndi mayi wa m'mudzi mwanu atasenza mtolo wa nkhuni, mukudziwa kuti akapanda kugulitsa ana sadya, pamene lamulo la nkhalango likuti mumulande. Ndi kukhala pa bwalo la mfumu kukambirana ndi anyamata ootcha makala amene munaphunzira nawo pulayimale. Pamenepo sayansi yokha siikuthandizani. Mwana wa konkuno, wodziwa kulankhula ndi akuluakulu, amapita patali kuposa mlendo wa ma distinction.

Chinanso, mu July 2025 UNESCO inaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a World Heritage, kutsatira Lake Malawi National Park ndi zojambula za pa miyala za ku Chongoni. Ndipo analilemba chifukwa cha chikhalidwe: mizimu ya m'phiri, malo opereka nsembe ngati Dziwe la Nkhalamba, zikhulupiriro za Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe. Komanso aliyense wofuna kukumba miyala, monga bauxite ya ku Lichenya imene yakhala ikukambidwa zaka zambiri, lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti pakhale lipoti lounika mmene ntchitoyo ikhudzire chilengedwe ndi anthu, ndipo limapita ku MEPA, bungwe la boma loteteza zachilengedwe. Mbali ya anthu ndi malo a makolo m'malipoti amenewo salemba ndi a Chemistry. Ndiye ngakhale mutapita ku History, phiri simunalisiye.

Mayi a ku Limbuli:

Mwanangu, ine sindinapite patali ndi sukulu koma ndaphunzitsa ana awiri ndi geni ya pa msika wa Limbuli, ndiye ndilankhula za ndalama poti abambowa sanazitchule.

Ngongole ya boma ya ophunzira ilipo ndipo ulembe msanga, mapepala onse a kwa amfumu ndi ena amene akufuna uwakonzeretu. Koma si onse amapatsidwa, ndipo ngakhale upatsidwe siikwana. Pali nyumba ya lendi ngati malo ogona pa sukulu asowa, pali chakudya, pali kusindikiza manotsi, pali laputopu. Wanga wamkulu anali ku Mzuzu, thiransipoti yokha pa holide inkandidwalitsa mutu. Wa ku Zomba kapena ku Ndata ungamutumizire ufa ndi nandolo pa minibasi m'mawa, madzulo wadya.

Ndipo wamkuluyo atamaliza anakhala pakhomo nthawi yaitali ndi digiri yake, akundithandiza kuyeza mpunga. Amalume ako akamati uphunzitsi si kuti sakukufunira zabwino, aona zambiri. Ukakhale nawo pansi bwinobwino pamodzi ndi mayi ako, usakawauze pa foni.

Wa ku khonsolo:

Mchemwali wanga, ine ndinatenga Public Administration ku Zomba ndipo ndikugwira ntchito pa khonsolo ina kuno kummwera. Bambo anga anali mlonda, ku Capital Hill sindinkadziwako munthu. Ntchito za boma ndi za makhonsolo zimalengezedwa, umalemba kalata, umakalowa intavyu. Kudikira kulipo, ndipo ofuna ntchito ndi ambiri kuposa malo, monga anenera mayi a ku Limbuli. Ine ndinayamba ndi internship, kulemba maminitsi a misonkhano ndi kusanja mafaelo. Koma khomo silotsekedwa kwa mwana wosauka.

Zimene unaona pa msasa zili ndi dongosolo lake pa pepala. Maina amayenera kuchokera ku komiti ya m'mudzi yoona za ngozi, kupita ku komiti ya dera, kufika kwa DC, kenako ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Freddy anapha anthu oposa 600, ena oposa 500 sanapezeke, ndipo chaka chomwecho cha 2023 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Lamulo lilipo. Funso limene timaphunzira kufunsa ndi lakuti, pakati pa pepalalo ndi thumba la ufa lofika m'manja mwa mayi ako, chimaduka n'chiyani? Ndalama zinachedwa? Komiti inasankhidwa bwanji? Amene sanalembedwe akadandaule kwa ndani?

Zitsanzo zili pakhomo pathu pomwe. Pulojekiti ya Kudzigulira Malo, imene inayamba mu 2004, inasamutsa mabanja pafupifupi 15,000, ambiri ochokera ku Thyolo ndi Mulanje, kupita ku Machinga ndi Mangochi. Malo anapeza, mahekitala awiri pa banja, koma ena anakapeza kuti mjigo, sukulu ndi chipatala zili kutali, ndipo alipo anabwerera. Pamene Blantyre Water Board inkafuna kutenga madzi a mu Likhubula kupita nawo mumzinda, anthu a ku Mulanje anafunsa kuti nanga ife eni phiri tipindula chiyani, ndani adzadzale mitengo kumene madziwo akuchokera. Amenewo ndiwo mafunso a ndondomeko za boma. Kuyambira 1998 dziko lino linati mphamvu zipite ku anthu kudzera m'makhonsolo, ndiye ukakhala pa msonkhano wa komiti ya chitukuko ya dera (ADC), mafumu, khansala ndi a makomiti a chitukuko a m'midzi (VDC) akukangana ngati ndalama zochepa zilipozo zipite ku mlatho kapena ku chipinda cha kalasi, ndi iwe woyenera kuwaikira ziwerengero patebulo ndi kuwauza zoona.

Apa ndiye pali chenjezo langa. Masamu ako a 6 usawataye, chifukwa bajeti ndi statistics sizithawika m'ntchito imeneyi. Ndipo mpikisano wolowera Public Administration ndi waukulu, amalembako ambiri a mapointi otsika kuposa ako. Uilembe ngati ukuifuna, koma isakhale yokhayo. Nthawi yathu amene analowa Bachelor of Social Science ankalawa History, Sociology, Economics ndi za ndale chaka choyamba asanasankhe chachikulu, ndipo kwa munthu wa mitima itatu ngati iwe imeneyo ndi njira yabwino. Uone mmene yalembedwera m'chilengezo cha chaka chino.

Maganizo anga enieni ndi akuti za ndondomeko zimakoma munthu ukakhala ndi chinthu chimene ukuchidziwa kale mozama. Anzanga amene amamveka kwambiri pa misonkhano ndi amene anayamba ndi ulimi, zaumoyo, uphunzitsi kapena zankhalango, n'kudzawonjezera Masters ya za ndondomeko ali pa ntchito. Akamalankhula za malo kapena za madzi amakhala akunena zimene anazigwira ndi manja. Ndikanakhala iwe ndikanaika patsogolo History ndi Geography kapena za ngozi zija, za ndondomeko n'kudzazipeza kutsogolo.

Mtsikana wa ku Chisitu:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Ndapita pa Chitakale kukasindikiza chilengezo chija ndipo ndadula ndi cholembera mapulogalamu onse ofuna credit ya Chemistry. Mmene ndikuonera, ndiika Education ya History ndi Geography pamwamba, kenako Social Science, ndipo Disaster Risk Management ndikuiwerengabe zofuna zake. Anganga ndayamba kale kuwajambula, dzulo anandiimbira nyimbo ziwiri za kumunda wa tiyi, ina ya m'Chilhomwe yoti mayi anachita kundimasulira.

Loweruka tikupita ndi mayi kwa amalume ku Nkando. Aphunzitsi, ndikawafotokozere bwanji kuti asaone ngati ndikukana mawu awo? Iwo akamati uphunzitsi amaganiza za TTC, kuti zaka ziwiri ndayamba kulandira.

Mphunzitsi wa ku Luchenza:

Utenge chilengezocho ukawaonetse ndi maso, usakangonena pakamwa. Uyambe ndi kuwathokoza, kenako uwauze kuti mawu awo a uphunzitsi wawamva ndipo ndi amene waika poyamba. Ukatero uwafotokozere kusiyana kwake: TTC ndi ya ku pulayimale, digiri ya Education ndi zaka 4 ndipo umakaphunzitsa ku sekondale, pa giredi yokwererapo. Adzafunsa za ndalama za zaka zinayizo, ndiye upite utalemba kale papepala fizi, lendi, chakudya ndi thiransipoti ya ku Zomba, ndi mbali imene ukuyembekeza kuti ngongole ya boma ingatseke. Za TTC usazikane pamaso pawo. Uwauze kuti nayonso ulemba ikalengezedwa, kuti ngati dzina silituluka ku NCHE usakhale pakhomo. Mbali ya ndalamayo uwasiyire mayi ako ndi amene ayambitse, ndi alongo awo, amadziwana polankhula.